Funsani Achimwene: App tapanga, nanga anthu ali kuti?

Mwezi uno makalata ambiri omwe alowa mu inbox ya danga lino akuzungulira pa nkhani imodzi. Anthu ayambitsa kakampani katsopano, kaja masiku ano akumati startup, chinthu apanga ndithu ndipo chikugwira ntchito, koma ochigwiritsa ntchito ndiye zii. Ndasankhapo makalata asanu, mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse ndipo ena ndawafupikitsa pang'ono.

Achimwene, ine ndi anzanga awiri tili chaka chachitatu pa Unima, tapanga app yothandiza ma student kupeza nyumba za lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira, poti aliyense akudziwa mmene timavutikira semesita ikamatsegulidwa. Linki tinaiponya mma gulupu a WhatsApp ndi Facebook oposa 30, mma gulupu anayi anatichotsa, kwina mpaka anatinena kuti ndife akuba. Omwe anadawunilodi ndi 60 koma amene tikuitsegulabe ndi ife atatu basi. Talakwitsa pati? Ndine mphwanu wa ku Zomba.

Mphwanga, ndiyambe ndi kukuyamikira, kupanga chinthu mpaka chigwire ntchito uku ma assignment ali pakhosi si masewera ayi. Koma pomwe mwalakwitsa ndikuuza mosapsatira: mwalowa mmidzi 30 tsiku limodzi osalonjera mfumu olo mmodzi. Gulupu ya WhatsApp si pa Lizulu poti aliyense angofika nkuyala tomato wake. Ndi mudzi, muli eni ake, amadziwana kuti uyu ndi wabodza, uyu akayankhula anthu amamvera. Nde tangoganiza, nambala yachilendo yomwe chilowereni sinanenepo olo moni ingotulukira ndi linki ndi mawu oti dawunilodani apa, mdziko lomwe aliyense analandirapo ka meseji kaja koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Adimini amene anakuchotsa uja usamukwiyire, amateteza anthu ake. Nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Palinso china chomwe anyamata odziwa za kompyuta mumaiwala chifukwa inu mumakhalira pa wifi ya pa sukulu. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, linki yotulukira kunja sitsegula nkomwe, ndipo olo itatsegula foni yake ndi ka itel kodzadza kale, kuti app yako ilowe akuyenera kufufuta zithunzi za ukwati wa achemwali ake. Ukumupempha zambiri munthu woti sakukudziwa.

Facebook yomwe ukuiona lero ili ponseponseyi sinayambe ndi dziko lonse. Mark Zuckerberg anaitsegula pa 4 February 2004 kwa ophunzira a pa yunivesite ya Harvard ku America okha, popanda imelo ya sukuluyo sunkalowa, ndipo mwezi woyamba usanathe oposa theka la ophunzira a digiri yoyamba pa sukuluyo anali atalowa. Kenako anapita ku Columbia, Stanford ndi Yale, sukulu imodziimodzi, ndipo anthu wamba anawatsegulira mu September 2006, patatha zaka ziwiri ndi theka. Chinsinsi chake chinali choti ukalowa umapezamo anzako a mkalasi mwako, pamalo pamaoneka podzadza chifukwa panali pang'ono. Anthu 60 omwazikana mma gulupu 30 ndi chipululu, koma anthu 60 omwewo a mu gulupu imodzi, odziwana, ndi chikhamu.

Nde sankha gulupu imodzi. Ine ndikanakhala iwe ndikanasankha ya ma first year omwe angosankhidwa kumene, chifukwa wa chaka chachitatu nyumba amapeza yekha, ali ndi anzake, koma mwana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje yemwe Zomba sanapondeko, makolo ake ali ndi nkhawa kuti akagona pati, ameneyo ndi amene vutoli likumusowetsa tulo. Yamba ndi adimini, muimbire, osati ka meseji, umuuze dzina lako, kozi yako, ndi chomwe ukufuna. Akakulola, masabata awiri oyamba usaponye linki ina iliyonse. Ungoyankha mafunso. Wina akafunsa kuti kuchoka ku Chikanda kufika mkalasi wapansi ndi mphindi zingati, yankha. Wina akafunsa kuti akumuuza alipiriretu miyezi itatu nyumba asanaione kodi nzoona, muchenjeze, ndipo ngati ungathe pita ukamuonere nyumbayo umutumizire chithunzi. Ukachita zimenezi kwa anthu asanu, wachisanu ndi chimodzi akafunsa za nyumba si iwe amene udzitchule, ndi anzake amene anene kuti funsa ujeni uja.

Koma ndikufunsenso, mu app yanuyo muli nyumba zingati? Ndikukayika ngati zikufika 20, ndipo ngati zili choncho nde anthu 60 aja sanalakwe kuthawa, analowa mgolosale mopanda katundu. Geni ngati yanuyi ili ndi mbali ziwiri, ofuna nyumba ndi eni nyumba, ndipo eni nyumba ambiri ndi amayi ndi abambo achikulire omwe sadzadawunilodi kanthu mpaka kalekale. Amenewo muwapitire. Anyamata a Airbnb, kampani yolumikizitsa apaulendo ndi eni nyumba pa intaneti, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, anayamba mu 2007 ku San Francisco ndi matiresi atatu opopa mnyumba mwawo momwe, alendo atatu obwera ku msonkhano wina analipira madola 80 aliyense. Mu 2009 geni itaima, ikungolowetsa madola ngati 200 pa sabata, anaona kuti zithunzi zomwe eni nyumba a ku New York ankaika zinali zosaoneka bwino, nde anakwera ndege, anabwereka kamera, nkumagogoda khomo ndi khomo kujambula okha nyumbazo, ndipo ndalama za pa sabata zinawirikiza kawiri. Iwo anakwera ndege, inu Chikanda ndi pa mphuno pomwepa. Tengani Loweruka awiri, yendani nyumba ndi nyumba, jambulani chipinda, bafa, mpopi, funsani ngati mita ya magetsi ndi yogawana, ngati madzi amatuluka mmawa, ngati mpanda ulipo, ngati njira imadutsika mvula ikagwa. Zimenezo ndi zomwe mwana wa first year ndi mayi ake akufuna kudziwa.

Ndipo munthu akavomera kuti ayesa, osamusiya ndi mawu oti ndikutumizira linki. Abale awiri a ku Ireland, Patrick ndi John Collison, omwe anayambitsa Stripe, kampani yolandirira malipiro pa intaneti, anatchuka ndi khalidwe loti munthu akangoti chabwino ndiyesa, iwo amati bweretsa laputopu yako, nkumuikira pompo. Ndipo oyamba omwe anawaikira anali anzawo oyambitsa makampani a mu gulu lawo lomwe la Y Combinator, bungwe lothandiza makampani ongoyamba kumene. Ine zoterezi ndinaziona ndi maso anga mu msika wa Limbe. Mtsikana wina yemwe anapanga kanthu kolembera ngongole za makasitomala anakhala pa kreti pafupi ndi mayi wogulitsa kaunjika, anayatsa hotspot pa foni yake kuti mayiyo asaononge bandulo, anawathandiza kusankha mavidiyo oti afufute, kenako anatenga kope lawo lothimbirira lija nkuyamba kulowetsa mayina a angongole mmodzimmodzi, mayi aja akuwerenga iye akulemba, pakati akumaima kuti mayiwo atsatse malaya. Zinatenga pafupifupi ola lathunthu pa munthu mmodzi. Asanadzuke nkomwe mayi a benchi yoyandikana nawo anali atatulutsa kale foni yawo mu chitenje.

Mwinanso app isiyeni kaye pambali, ndikudziwa zikupweteka kumva. Product Hunt, malo omwe makampani atsopano amakaonetserapo zinthu zawo, Ryan Hoover anaiyamba mu 2013 ngati ka mndandanda ka maimelo chabe kotumizirana ndi anzake, webusayiti inabwera pambuyo ataona kuti anthu akuikonda. Inunso mutha kutsegula gulupu yanu ya WhatsApp, tsiku lililonse nyumba ziwiri zitatu ndi zithunzi ndi mtengo, zonse zikuyenda pa bandulo yomwe anthu ali nayo kale. Tsiku lomwe mameseji adzakuchulukireni mpaka kulephera kuyankha ndi lomwe anthu eni ake adzafunse kuti kodi mulibe app. Ndipo anthu 60 aja ngati manambala awo anakupatsani okha polembetsa, gawanani atatunu, aliyense 20, muwaimbire muwafunse chomwe anasiyira. Ena sayankha, ena akulalatirani, koma khumi akuuzani zoona.

Achimwene, ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ya akawunti. Ndi mchimwene wanga tapanga kanthu ka pa foni kothandiza magulu a banki mkhonde kulemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja kuti pogawana pasamakhale mikangano. Ndasunga K400,000 yotsatsira, ena akuti ndilipire munthu wotchuka pa Facebook apositi, ena akuti ndichite boost, kuja kolipira Facebook kuti positi ifikire anthu ambiri. Ndiyambire pati? Ndine wanu wa ku Area 25, Lilongwe.

Achemwali, ndalamayo igwireni kaye, musaitulutse. Munthu wotchuka akapositi mupeza ma like ambirimbiri ndi makomenti oti zabwino zonse, koma banki mkhonde silowa chinthu chifukwa cha like. Pamafunika tcheya avomere, msungichuma avomere, mlembi avomere, ndi mayi uja amene amatsutsa chilichonse pa msonkhano naye akhutire. Ndi nkhani ya ndalama za anthu, ndipo pa ndalama munthu amamvera yemwe amadya naye nsima, osati wa pa sikirini.

Nkhani yomwe ikufanana ndi yanu ndi ya ku Nigeria. Kumapeto kwa 2015 mayi wina anaonetsa pa intaneti kuti chaka chonse wakhala akuponya ma naira 1,000 tsiku lililonse mu kabokosi ka matabwa ndipo wasunga 365,000. Nkhaniyo inafala kwambiri, anthu nkumakambirana za kusunga ndalama, ndipo achinyamata ena, Odunayo Eweniyi, Somto Ifezue ndi Joshua Chibueze, anaona kuti apa pali njala, mu 2016 anatulutsa Piggybank, njira yosungira ndalama pa intaneti, yomwe mu 2019 inasintha dzina kukhala PiggyVest. Onani kuti sanachite kukakamiza anthu chizolowezi chatsopano, anthu ankasunga kale, ankakambirana kale, iwo anangolowa mu macheza omwe analipo. Ndipo chomwe chinawakuza kwambiri masiku oyambirira ndi anthu eni ake kumauzana pa Twitter kuti ine ndasunga mwakuti ndipo ndalama yanga ndatapa bwinobwino. Inu muli ndi mwayi woposa pamenepo chifukwa banki mkhonde iliyonse mtauni muno ili kale ndi gulupu yake ya WhatsApp, ndipo mayi mmodzi amapezeka mmagulu awiri atatu, ya ku tchalitchi, ya ku ntchito, ya mdera. Mukakondweretsa gulu limodzi, amayi ake omwewo ndi amene akunyamulireni uthenga kupita ku ena.

Nde yambani ndi gulu lomwe inuyo mulimo. Musawauze kuti ataye kope, zimenezo zikuopsezani anthu. Auzeni kuti miyezi itatu tilembe mbali zonse, mkope ndi pa foni, tione ngati zikufanana. Tsiku lomwe kope lidzasemphane ndi foni, nkupezeka kuti foni ndi imene yalondola, simudzafunikanso kulankhula zambiri. Ndipo nthawi yabwino yofikira magulu ena ndi October ndi November, kugawana kwa December kukamayandikira, mlembi mutu ukamuwawa ndi masamu.

Ngati mukufuna kupanga kavidiyo, phunzirani kwa Drew Houston wa Dropbox. Iye anatopa ndi kuiwala flash, anapanga njira yosungira mafayilo pa intaneti, ndipo mu 2007 anaonetsa kavidiyo kake pa Hacker News pomwe pamasonkhana anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Mu 2008 anapanganso kena ka anthu a pa Digg, malo ena ogawanirana nkhani pa intaneti, ka mphindi zochepa, kongoonetsa chinthucho chikugwira ntchito, koma mkati anabisamo tinthabwala tomwe anthu a pamalopo okha ndi amene akanatimva. Anthuwo anaona kuti uyu ndi mnzathu, ndipo odikirira kuti ayese Dropbox anachoka pa 5,000 kufika 75,000 usiku umodzi. Kwa inu ndiye kuti kavidiyo ka mChichewa, kafupi koti katumizike pa WhatsApp osadya bandulo, mawu ake akhale omwe amayi amagwiritsa ntchito pa mkeka, sheya, chindapusa cha ochedwa, thumba la zadzidzidzi, osati chizungu cha ku ofesi kwanu. Voisi noti yanu ya mphindi imodzi itha kugwira ntchito kuposa chipepala chokongola chopangidwa ndi dizaina.

K400,000 ija gwiritsani ntchito pa minibasi kupita ku misonkhano ya magulu, pa bandulo yoti muziwayatsira hotspot, ndi pa ma drink apo ndi apo. Chenjezo limodzi lokha: bola mukungolemba mawerengero palibe vuto, koma tsiku lomwe mudzafune kuti ndalama za anthu zizidutsa kapena kusungidwa kwa inu, imeneyo ndi nkhani ina, pitani kaye ku Reserve Bank mukafunse za chilolezo musanalandire olo tambala.

Achimwene, ndatsegula malo pa intaneti oti anthu a kumpoto kuno tizigulitsana katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Muli zii. Mnzanga akuti nditsegule ma akawunti abodza 20 ndizidzilembera ndekha ndi kudziyamikira, akuti olo Reddit inayamba choncho. Nzoona? Ndine wa ku Mzuzu.

Nzoona, mnzakoyo sananame. Steve Huffman ndi Alexis Ohanian atayambitsa Reddit, malo a pa intaneti omwe anthu amaponyapo nkhani nkumakambirana, mu 2005 ankaponya nkhani pogwiritsa ntchito mayina osiyanasiyana opeka kuti pamalo pazioneka ngati pali anthu, ndipo anadzaulula okha pambuyo pake. Koma taona kusiyana kwake aise. Iwo ankaponya nkhani zenizeni zoti munthu awerenge, wowerenga sankataya kanthu. Iwe malo ako ndi a malonda. Ukaika firiji yomwe kulibe, munthu wa ku Chibavi aimba, akwera kabaza, awononga ndalama ndi tsiku lake, ameneyo wamubera ngakhale sunamulande kanthu mmanja. Ndipo maumboni abodza oti ndinagula pano zinthu zili bho ndi bodza lomwe limapusitsa munthu kuti atulutse ndalama, ine zimenezo sindingakuvomereze olo pang'ono.

Komanso Mzuzu ndi yaing'ono. Anthu amazindikira kalembedwe, wina adzaona kuti ma akawunti asanu onse amalakwitsa mawu amodzimodzi, adzajambula sikirinishoti, ndipo sikirinishoti imayenda mwachangu kuposa linki yako. Dzina likaipa pa nkhani ya malonda kulitsuka kwake nkovuta kwambiri.

Vuto lomwe mnzako waliona ndi lenileni, palibe amene amafuna kukhala woyamba kuvina pa bwalo. Koma katundu weniweni alipo wambiri. Pita kwa abale ako, anzako, a ku tchalitchi, aliyense ali ndi foni yakale, njinga, sofa, mbaula yomwe akufuna atagulitsa. Pita kwa okonza mafoni ndi ogulitsa mipando mu msika, uwapemphe uwajambulire katundu ndi kuwaikira ulere, ndi dzina lawo ndi nambala yawo atavomera. Zinthu 50 zenizeni uzipeza sabata imodzi. Ndipo ukamapositi mma gulupu ena nena poyera kuti malowa ndi ako, usadzipange ngati kasitomala wongodutsa.

Achimwene, ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndili ndi nzeru yolumikizitsa alimi a soya ndi mtedza ndi ogula akuluakulu kudzera pa foni kuti mavenda asamatidyere masuku pamutu. Ndili mma gulupu angapo a alimi koma ndikuopa kuitchula, anthu angandibere. Ndidikire mpaka zonse zitatheka? Ndine bambo wa ku Kasungu.

Bambo, nkhawa yanu ndikuimva ndipo si inu nokha, koma ndikupempheni kuti muitchule. Nzeru yolumikizitsa mlimi ndi wogula anthu ambiri anaiganizapo kale, chomwe chimasowa ndi munthu yemwe alimi amamukhulupirira, woti akati bweretsani matumba Lachinayi pa sukulu galimoto ibwera, anthu nkubweretsadi. Inu mwaphunzitsa ana a anthu amenewo zaka zambiri. Chimenecho palibe angakubereni.

Ku Kenya zisankho za pa 27 December 2007 zitabweretsa ziwawa zomwe zinapha anthu oposa 1,000, loya wina, Ory Okolloh, analemba poyera pa intaneti kuti pakufunika mapu oonetsa komwe ziwawa zikuchitika, ndipo anafunsa ngati alipo odziwa za kompyuta omwe angathandize. David Kobia ndi Erik Hersman anayankha, Juliana Rotich naye analowapo, mmasiku ochepa chabe Ushahidi inabadwa, dzinalo mChiswahili ndi umboni. Omwe anayamba kutumiza malipoti ndi kufalitsa uthenga anali anthu omwewo amene ankawerenga zolemba zake, ndipo mu 2010 chida chomwechi chinakagwira ntchito ku Haiti kutachitika chivomerezi. Akanaibisa nzeruyo bwenzi ikadali mmutu mwake.

Ndipo anthu mukawauza msanga amakukonzerani nzeruyo. WhatsApp yomwe tikugwiritsa ntchitoyi Jan Koum anaipanga mu 2009 kuti munthu azingoonetsa status, kuti ndili bize kapena batire latsala pang'ono. Oyamba kuigwiritsa ntchito anali kagulu ka anzake olankhula Chirasha omwe ankakumana kunyumba kwa mnzawo ku San Jose, ndipo iwowo anayamba kumasintha ma status ngati njira yocheza, wina akalemba wina nkuyankha. Apo mpomwe anazindikira kuti anthu akufuna kutumizirana mameseji. Inunso mutha kupeza kuti alimi anu vuto lawo lalikulu si kusowa wogula koma sikelo yobera, kapena thiransipoti, kapena kuti amafuna ndalama yapompopompo chifukwa fizi sidikira. Funsani mu gulupu funso limodzi lokha sabata ino: chaka chatha soya munagulitsa kwa ndani, pa mtengo wanji, ndipo chinakupwetekani nchiyani? Mayankho ake muwalembe mkope.

Achimwene, ndili ku Joni, ndayambitsa kakampani kotumiza katundu kumudzi komwe munthu amatha kuona pa foni pomwe katundu wake wafika. Ndatolera manambala pafupifupi 2,000 mma gulupu a aMalawi kuno, ndikufuna ndiwalowetse onse mu gulupu yanga, komanso ndizipereka R50 kwa aliyense wobweretsa mnzake. Mukuona bwanji? Ndine mlongo wanu, Johannesburg.

Mlongo wanga, geni mwasankhayo ndi yabwino chifukwa palibe mMalawi wa ku Joni yemwe sanamvepo za katundu wosowa pa njira kapena wofika patatha miyezi iwiri firiji itaphwanyika chitseko. Koma za manambalazo ayi, musatero. Munthu anapereka nambala yake ku gulupu ya maliro kapena ya mpingo, sanaipereke kwa inu. Mukamulowetsa mosamufunsa atuluka, ena akuchitani report, ndipo WhatsApp imatseka manambala omwe anthu ambiri awadandaula, mutha kudzuka mmawa nambala ya geni yanu yatsekedwa makasitomala ali pa njira ndi katundu. Ndi zoti mudziwenso, gulupu imodzi imathera pa anthu 1,024, ndipo broadcast, kuja kotumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imatenga anthu 256 komanso uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Kuonjezera apo kumeneko kuli lamulo la POPIA lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limaletsa kutumizira anthu mauthenga amalonda mwachisawawa asanavomere, ndipo kuno kumudzi nakonso tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Ambiri mwa abale athu kumeneko nkhani ya mapepala imawapangitsa kukhala ochenjera ndi nambala yachilendo, nde muwalemekeze pamenepo.

Za R50 zija maganizo ndi abwino koma musinthe kaperekedwe. Dropbox inachoka pa anthu 100,000 kufika 4 miliyoni mmiyezi 15, ndipo mbali yaikulu inali ya kuitanana, koma sinkapereka ndalama, inkapereka malo oonjezera osungira mafayilo, kwa woitana ndi woitanidwa yemwe. Mphatso yake inali yothandiza kwa munthu yekhayo amene akuchifunadi chinthucho. Mukapereka kashi pongolembetsa mudzakopa anthu osaka R50, adzalembetsa azibale awo onse opanda olo chikwama choti atumize, komanso kwathu kuno anthu anapsa kale ndi zija zoti bweretsa anthu awiri upeze phindu, akangomva fungo lake amathawa. Inu nenani kuti wobweretsa mnzake achotseredwa R50 pa katundu wake wotsatira, mnzakeyonso R50 pa katundu wake woyamba, ndipo zonsezi zichitike katundu wa mnzakeyo akafika kumudzi.

Ulendo woyamba tengani katundu wa anthu khumi okha a mu gulupu imodzi yomwe amakudziwani nkhope, adimini wake mumutumizire kathumba kake ulere ayese. Muziwatumizira chithunzi galimoto ikamanyamuka, china pa Beitbridge, china pa Nyamapanda, china pa Mwanza, ndipo ikachedwa pa boda muziwauza nokha iwo asanafunse. Katundu akafika pemphani wolandira kumudzi, kaya ndi gogo ku Mangochi kaya ndi mkazi wake ku Mzimba, ajambule voisi noti yonena kuti walandira zonse zili bwino, ipite kwa mwini katundu. Mumupemphe mwini wakeyo ngati angalole kuiponya mu gulupu, ndipo aiponye yekha ndi nambala yake, osati inu.